Mawu a Ntchito ya Matabwa ndi Nkhuni m'Chicheŵa: Kukumana Kwake ndi Chizezuru ku Bindura ndi ku Masembura

Mawu a ntchito ya matabwa ali ndi phindu lapadera kwa munthu wofufuza mbiri ya Chicheŵa. Mtengo, nkhwangwa ndi nkhuni ndi zinthu zimene makolo anali nazo kuyambira kalekale, koma thabwa lochekedwa, msomali ndi sowo zinafika ndi alendo, ndipo sizinafike nthaŵi imodzi kapena kudzera njira imodzi. Chida chilichonse chinabwera ndi dzina lake, ndipo dzinalo, ngakhale linazoloŵera m'kamwa mwa Acheŵa, linasungabe zizindikiro za kumene linadzera. Nkhani ino ikuyang'ana mawu ameneŵa pamalo pamene anakumana ndi anzawo ochokera kummwera, ndiko ku migodi ya Bindura ndi Shamva m'dziko la Zimbabwe, pamodzi ndi dera la Masembura limene lili kummwera kwa Bindura. Kumeneko Chicheŵa, chimene Malcolm Guthrie anachiika m'chigawo N, chakhala moyandikana ndi Chizezuru cha m'chigawo S kwa zaka zoposa 100.

Migodi ndi nkhalango

Bindura inayamba ngati mudzi wa pamgodi. Dzina lake loyamba linali Kimberley Reefs, potsata mgodi wa golide umene unatsegulidwa mu 1901, ndipo dzina la Bindura linakhazikika mu 1913, chaka chimene njanji yochokera ku Salisbury inafika kumeneko popita ku Shamva. Masembura ndi dera la mapiri amiyala limene boma la atsamunda linapatula kuti mukhale anthu akuda pansi pa mafumu awo, pamene nthaka yachonde ya m'chigwa cha Mazowe inagaŵidwa kwa alimi achizungu. Motero m'dera laling'ono munali magulu atatu a anthu ofuna mitengo: eni migodi, eni mafamu a fodya, ndi eni dziko a m'midzi.

Nkhalango ya kumeneko ndi ya mitengo imene Ashona amati *musasa*, *munhondo* ndi *mupfuti*. Mitengo yotere ndi yaifupi, yokhota, ndipo siichedwa kufumbwa. Imapereka nkhuni zabwino ndi luzi, koma matabwa ake ndi achabe. Chifukwa chake Bindura sinakhale tauni ya macheka. Matauni a macheka anamera kwina. Kumadzulo, pa njanji ya pakati pa Bulawayo ndi Victoria Falls, pali mudzi umene mpaka lero dzina lake ndi Sawmills, kumene ankacheka mtengo wolimba wa *Baikiaea plurijuga* kuti apeze mitanda yogonekapo njanji ndi matabwa a m'migodi. Patsidya pa Zambezi, kampani ya Zambezi Sawmills inamanga njanji yakeyake m'zaka za m'ma 1920 kuchokera ku Livingstone kukafika ku Mulobezi. Kum'maŵa, m'mapiri a pafupi ndi Penhalonga, boma linayamba kubzala paini ku Stapleford chakumapeto kwa zaka zomwezo. Mbiri ya nkhalango za kumadzulo inalembedwa ndi Vimbai Kwashirai m'buku lake la mu 2009. Thabwa lochekedwa linkafika ku Bindura pa sitima, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika pa za chiyankhulo, pakuti katundu woyenda pa njanji amayenda ndi dzina limene anthu a panjanji amamutchula.

Chimene migodi inafuna ku nkhalango ya pafupi chinali nkhuni ndi mizati. Magetsi asanafalikire, makina operera miyala ndi opopera madzi ankayenda ndi nthunzi kapena ndi mpweya wotuluka m'ng'anjo za nkhuni ndi makala. Malasha a ku Wankie analipo kuyambira pamene njanji inafika kumeneko mu 1903, koma mtunda unali wautali ndipo mtengo wake unali wokwera. Lamulo la migodi linalola eni migodi kudula mitengo yachilengedwe ngakhale pa malo a anthu ena, ndipo mkangano umene unabuka pakati pa iwo ndi alimi achizungu unatenga zaka zambiri, monga anafotokozera Muchaparara Musemwa. Bungwe lofufuza limene Robert McIlwaine anatsogolera mu 1938 linaona kutha kwa nkhalango mozungulira migodi, ndipo zotsatira zake zinali lamulo losamala zachilengedwe la mu 1941. Pa mkangano wonsewo mawu a eni dziko a m'madera onga Masembura sanamveke, ngakhale kuti iwo ndiwo ankadalira nkhalangoyo pa nsichi, pa zipatso ndi pa moto wa tsiku ndi tsiku.

Nkhuni zinkagulitsidwa pa muyeso wa Chingerezi wotchedwa *cord*, ndiwo mulu wa mapazi 8 m'litali, 4 m'lifupi ndi 4 msinkhu. Ku Malaŵi mulu woyezedwa wa nkhuni, makamaka pa maesiteti a fodya, umatchedwa *mendulo*.

Anthu a ku Nyasaland

Njira imodzi ya anthu ochokera ku Nyasaland inkadzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, ndi kuloŵa m'Rhodesia cha ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Kwa oyenda pansi odzera ku Mount Darwin, migodi ndi mafamu a Shamva, Bindura ndi Mazowe anali malo oyamba opezako ntchito. Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa *Chibaro*, anaonetsa kuti ambiri ankagwira ntchito pamalo amodzi kwa miyezi yoŵerengeka kuti apeze mphamvu ndi kamba, kenaka n'kupitirira kummwera kumene malipiro anali okwera. Bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau linakhazikitsidwa mu 1903, ndipo anthu analiopa kotero kuti analitcha *chibaro*. Pofika mu 1935 komiti ya Travers Lacey inayerekeza kuti amuna a ku Nyasaland okwana 120,000 anali kunja kwa dziko lawo, ndipo ambiri a iwo anali machona.

Kuchuluka kwawo kunaonekera poyera mu September 1927, pamene antchito pafupifupi 3,500 a pa mgodi wa Shamva ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi anthu a ku Nyasaland. Sanali a mtundu umodzi: munali Atonga, Atumbuka, Ayao, Angoni, Amang'anja ndi Acheŵa, koma chiyankhulo chimene ankamvana nacho onse chinali Chinyanja. Ena a iwo, amene anaphunzira ku Blantyre kapena ku Livingstonia, anapeza ntchito za ukalaliki ndi za umisiri, pamodzi ndi ukalipentala. Ena anagwira ntchito yodula nkhuni kwa makontirakitala, imene malipiro ake anali otsika. Mpingo unawatsatira: Mbusa T. C. B. Vlok anatumizidwa ku Salisbury mu 1912 kukatumikira anthu a ku Nyasaland, ndipo ntchito imeneyo inabala sinodi imene inaloŵa mu CCAP mu 1965. Mgodi wa nikelo wa Trojan utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, komboni ina yaikulu inawonjezeka pafupi ndi Bindura. Ashona anawapatsa alendoŵa maina onga *mabhurandaya*, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndi *vatevera njanji*.

Mawu a makolo: ofanana ndi onyenga

Munthu wa ku Dedza wopatsidwa nkhwangwa pa mgodi sanavutike kumva mawu oyamba a ntchito yake. Mneni *-tema* ndi mneni *-cheka* ali m'ziyankhulo zonse ziŵiri ndi tanthauzo lofanana. Dzina lakuti *nkhuni* ndi *huni* m'Chishona, ndipo kusiyana kumeneku kumatsata lamulo lokhazikika la gulu la I-Zi, limene akatswiri amaliŵerenga 9/10: pamene Chicheŵa chili ndi *nkh*, Chishona chili ndi *h*, monga *nkhuku* ndi *huku*, *nkhondo* ndi *hondo*, *nkhanga* ndi *hanga*. Chimodzimodzi *mph* amayankhidwa ndi *mh* pa *mphepo* ndi *mhepo*, ndipo *nth* amayankhidwa ndi *nh* pa *munthu* ndi *munhu*. Wolankhula Chicheŵa akazindikira lamuloli amatha kutembenuza yekha mawu ambirimbiri popanda womuphunzitsa, ndipo ichi n'chimodzi cha zifukwa zimene ana a machona analoŵera Chishona msanga.

Pa maina a zida, chiyankhulo chilichonse chinayenda njira yake. Mshona anapanga *demo*, nkhwangwa, kuchokera ku *-tema*, ndi *mbezo* kuchokera ku *-veza*, kusema; Mcheŵa anapanga *kasemasema* kuchokera ku *-sema*, koma dzina lakuti *nkhwangwa* silichokera ku mneni wodziŵika lero.

Vuto lenileni lili pa mawu omveka mofanana koma osiyana tanthauzo, ndipo n'zochititsa chidwi kuti angapo a iwo ali pakati penipeni pa malonda a mitengo. M'Chicheŵa *kutenga* ndi kunyamula chinthu. M'Chishona *kutenga* ndi kugula. M'Chicheŵa *kugula* ndi kupereka ndalama. M'Chishona *kugura* ndi kudula. Choncho Mcheŵa wonena kuti watenga nkhuni m'nkhalango ya mfumu amamveka kwa Mzezuru ngati wanena kuti walipira, ndipo Mzezuru wonena kuti *ndagura muti* amamveka kwa Mcheŵa ngati wagula pamene wangodula. M'dziko limene funso lakuti mtengo wadulidwa mwaulere kapena walipiridwa linali mlandu wa tsiku ndi tsiku, kusamvana kotere sikunali kwa maseŵera. *Bango* m'Chishona ndi mzati kapena nsichi, pamene kwa Mcheŵa bango ndi chomera cha m'dambo cholukira mphasa. *Musasa* m'Chishona ndi dzina la mtengo komanso la chisakasa. Chicheŵa chili ndi tanthauzo lachiŵiri lokha.

Dzina lakuti *mtengo* likufunika kuliyang'ana paŵiri. Ziyankhulo zambiri za Chibantu zimatchula chomeracho ndi tsinde *-ti*, monga *muti* m'Chishona ndi *mti* m'Chiswahili, koma Chicheŵa chimati *mténgo*, liwu likukwera pa phatikizo lapakati. Pali *mtengo* wina, wa liwu lotsika, wotanthauza ndalama zogulira chinthu. Wachiŵiriyu ndi yemweyo *mutengo* wa Chishona, amene amachokera ku *-tenga*, kugula, mneni amene alinso m'Chizulu monga *-thenga*. Popeza m'Chicheŵa *-tenga* alibe tanthauzo la kugula, pali chifukwa choganizira kuti dzinali linaloŵa kudzera m'malonda ndi anthu a kummwera kwa Zambezi, ngakhale kuti lingakhalenso chotsalira cha tanthauzo limene mneniyo anataya.

Thabwa ndi puranga

Dzina lakuti *thabwa* limachokera ku Chipwitikizi *tábua*. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kudzera m'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire Chicheŵa chinalandira mawu onga *nsapato*, *mbatata*, *kalata*, *mbendera*, *makina*, ndi *kapitawo*, dzina la woyang'anira antchito. Chofunika pa *thabwa* ndi chilembo *h*. M'Chipwitikizi *t* amatchulidwa wopanda mpweya wotsatira, choncho mpweyawo sunachokere kwa eni mawu. Unachokera m'lamulo la Chicheŵa la gulu la Li-Ma, ndilo 5/6, limene limaika mpweya pa *p*, *t* ndi *k* dzina likakhala la chinthu chimodzi, ndi kuuchotsa likakhala la zambiri: *phaso* ndi *mapaso*, *thumba* ndi *matumba*, *khasu* ndi *makasu*. *Thabwa* ndi *matabwa* analoŵa m'ndandanda umenewu ngati mbadwa. Atumbuka amati *mathabwa*, kusunga mpweya ngakhale pa zambiri, zimene zikuonetsa kuti analandira dzinali litavala kale chovala cha Chicheŵa.

Chishona chili ndi lamulo lofanana nalo pa gulu lomwelo, ndipo onse aŵiri ndi mabala otsala pamene mphatikiram'mbuyo wakale wa gululi anagwa. Koma m'malo mwa mpweya, Chishona chimasandutsa *p*, *t*, *k* kukhala *b*, *d*, *g*: *badza* ndi *mapadza*, *demo* ndi *matemo*, *danda* ndi *matanda*, ndiko chipika, *bango* ndi *mapango*, *gavi* ndi *makavi*, ndilo luzi. Tsono dzina la thabwa m'Chishona ndi *puranga*, zambiri *mapuranga*, ndipo *p* wake sanasinthe. Munthu angafulumire kunena kuti *thabwa* ndi lakale chifukwa linamvera lamulo, ndipo *puranga* ndi latsopano chifukwa silinamvere. Mbiri ikuvomereza zimenezo pa maina aŵiriŵa, koma lamulolo si wotchi yodalirika. Chishona chimati *bepa* ndi *mapepa*, kumvera lamulo pa dzina lochokera ku Chingerezi, pamene Chicheŵa pa dzina lomwelo chimati *pepala* ndi *mapepala* osamvera. Ndipo pa *thebulo* ndi *matebulo* sitingadziŵe ngati mpweya ndi wa gulu la Li-Ma kapena ndi wa Chingerezi, chimene chimatchula *t* woyamba ndi mpweya. Umboni wa *thabwa* ndi wolimba chifukwa chakuti chiyankhulo chobwereketsa chinalibe mpweyawo. Vuto lina n'lakuti olemba oyamba a Chinyanja kaŵirikaŵiri sankalemba *h* ameneyu, kotero kuti mabuku akale, kuyambira pa dikishonale ya D. C. Scott ya mu 1892, ayenera kuŵerengedwa mochenjera pa nkhani ya mpweya.

*Puranga* amachokera ku *plank*, dzina limene lili m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans momwe, ndipo Chizulu chimati *ipulangwe*. M'Chinyanja cha ku Lusaka mumamveka *mapulanga* pambali pa *matabwa*. Kodi Anyanja anabwereka okha ku Chingerezi? Mamvekedwe akukana. Chicheŵa chikabwereka mawu othera ndi *nk* chimasunga *nk*: *banki*, *thanki*, *inki*. Chishona chilibe *nk*, ndipo chimamusandutsa *ng*: *tangi*, *ingi*. Chikhala kuti Acheŵa anatenga *plank* m'kamwa mwa Mngerezi akanati *pulanki*. *Pulanga* anadzera kummwera, m'chiyankhulo cha pantchito chimene ku Rhodesia chinkatchedwa Chilapalapa ndipo ku South Africa Fanagalo, chimene D. T. Cole anachifotokoza mu 1953. Pa migodi ya Bindura maina aŵiri a chinthu chimodzi anakumana, lina litayenda zaka mazana kukwera Zambezi, lina litakwera njanji kuchokera ku Kimberley ndi ku Johannesburg.

Chishona chinapita nalo patali dzinali. Poika mphatikiram'mbuyo *mu-* wa gulu la mitengo, chinapanga *mupuranga*, dzina la mtengo wa bulugamu, ndiye kuti mtengo unatchedwa ndi dzina la chinthu chimene umasanduka ukachekedwa. Chicheŵa chinangotenga dzina la Chingerezi *blue gum* n'kunena *bulugamu*, monga chinachitiranso ndi *paini*, ndi *malaina* kuchokera ku *Gmelina*.

Sowo, msomali ndi malasha

Makolo ankapeza thabwa poŵaza chipika ndi kuchisema, kotero kuti mtengo umodzi unkapereka matabwa aŵiri okha. Kucheka kwa padzenje kunafalikira ndi amishoni, amene anafika ku Livingstonia mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, ndipo sukulu ya Overtoun imene inatsegulidwa ku Khondowe mu 1894 inaphunzitsa amisiri ambiri. Chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje, nachilemba mizere ndi chingwe choviika m'makala. Munthu mmodzi amaima pamwamba kukoka sowo, mnzake pansi kuibweza, utuchi ukumugwera kumaso. Umu ndi mmene ankachekera mkungudza wa pa phiri la Mulanje, matabwa n'kumatsika nawo pamutu. Chidacho chili ndi maina aŵiri: *sowo*, kuchokera ku Chingerezi *saw*, ndi *macheka*, dzina lopangidwa kuchokera ku *-cheka*. Chishona chili ndi *saha*, lofanana ndi *isaha* la Chizulu ndi Chindebele, lochokera ku Chiafrikaans *saag*. Kuchokera ku *-cheka* chinapanga *jeko*, koma chimenecho ndi chikwakwa.

*Msomali* unadzera njira yachitatu. Gwero lake ndi Chiarabu *mismār*, kudzera m'Chiswahili *msumari*, ndipo njira yake ndi ya amalonda a kunyanja onga a Jumbe, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 namakhoma zombo. Chilembo *m* choyamba, chimene m'Chiarabu ndi mbali ya dzina, chinatengedwa ngati mphatikiram'mbuyo wa gulu la Mu-Mi, ndipo zambiri zinakhala *misomali*. Mshona amati *chipikiri*, kuchokera ku Chiafrikaans *spyker* kudzera mu *isipikili*.

Pa *chipikiri* pali chizindikiro china chothandiza. Mawu a chilendo oyamba ndi *s* ndi lembo lina lopanda liwu, Chizulu chimawaika m'gulu 7 ndi *isi-*, ndipo Chishona chimatembenuza *isi-* kukhala *chi-*: *chitoro*, *chitima*, *chikoro*. Chicheŵa sichitero, chimati *sitolo*, *sitima*, *sukulu*. Motero pamene dzina lobwereka la Chicheŵa loyamba ndi *chi-* likuyankha dzina la Chizulu kapena Chindebele loyamba ndi *isi-*, monga *chitupa* ndi *chibalo*, ndiye kuti linabwera ndi obwerera kuchokera ku Rhodesia. Maina aŵiriŵa ndi a chiphaso ndi a ntchito yokakamiza, ndipo pamodzi ndi *mgodi* ndi *komboni* akusonyeza mtundu wa moyo umene unawabala.

Chimodzimodzi ndi *malasha*. Dzina la makolo la nkhuni zotentha ndi *makala*. *Malasha* ali ndi *sh*, liwu limene m'Chicheŵa limapezeka m'mawu obwereka onga *shati* ndi *shuga*. Chizulu chimati *amalahle*, Chishona *marasha*. Ndipo pamene Chizulu chili ndi *hl* ndi Chishona *sh*, mawu a mbadwa a Chicheŵa amakhala ndi *s*, monga *-hlanu*, *-shanu* ndi *-sanu*. Kaya dzinali linachokera m'Chishona kapena m'Chilapalapa, chimenenso chimasandutsa *hl* kukhala *sh* monga pa *mushe*, njira yake ndi ya kummwera. Litafika ku Malaŵi linagaŵana ntchito ndi dzina lakale: *makala* ndi a mitengo, *malasha* ndi okumba pansi. Ku Lusaka kugaŵana kumeneku kulibe, ndipo *malasha* ndi amene amagulitsidwa m'matumba pamsika.

Maina a mitengo

Apa pakufunika kusamala kwambiri, chifukwa dzina limodzi limatha kusamuka kuchoka pa mtundu wina wa mtengo kupita pa unzake. Mabuku aŵiri othandiza ndi la H. Wild la maina a zomera za ku Southern Rhodesia, la mu 1952, ndi la Blodwen Binns la maina a zomera za ku Malaŵi, la mu 1972. *Muwanga* ndi mtengo umodzi m'ziyankhulo zonse ziŵiri. *Msuku* Azezuru amati *muzhanje*, koma m'madera ena a Chishona ndi *mushuku*. *Mombo*, umene zambiri zake *miombo* lasanduka dzina la nkhalango yonse m'mabuku a sayansi, ndi *mupfuti*. *Munhondo* ndi *Julbernardia globiflora*, umene ku Malaŵi ndi *mchenga*, pamene *mtondo* wa Acheŵa, ngakhale dzina likufanana, ndi mbale wake wa mtundu wina, ndipo kuchigwa cha Shire ndi mtengo wa zipatso wosiyana nayo yonse. *Mlombwa*, mtengo wokondedwa ndi akalipentala, Ashona amautcha *mubvamaropa* chifukwa cha utomoni wake wofiira ngati magazi, koma amalonda a matabwa anasankha dzina lakuti *mukwa*, ndipo kalipentala wa ku Nyasaland anayenera kudziŵa maina atatu a mtengo umodzi kuti agule thabwa.

Chicheŵa cha ana a machona

Machona ambiri analibe malo m'madera onga Masembura, pakuti malo kumeneko amagaŵidwa ndi mafumu kwa eni mbumba. Kwawo kunali m'komboni ya mgodi kapena ya famu, ndipo ena okha ndiwo anapeza malo pokwatira kapena popempha kwa anyakwaŵa. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000, kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kumene kunasiya ambiri opanda dziko, ndi kuimitsidwa kwa mgodi wa Trojan mu 2008, zonsezi zinabalalitsa makomboni, amene anali nkhokwe za chiyankhulo. Zidzukulu zambiri zimalankhula Chishona, ndipo Chicheŵa chimamveka makamaka m'tchalitchi, pamaliro ndi pa Gule Wamkulu, amene Ashona amati *zvigure*.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chicheŵa ndicho choyamba pa mndandanda wa m'ndime 6. Apa pabuka funso kwa okonza mabuku a sukulu ndi madikishonale: alembe *thabwa*, monga m'mabuku ochokera ku Malaŵi, kapena *pulanga*? Amene amati mawu a kummwera ndi Chicheŵa choonongeka aiŵala kuti *thabwa* ndi Chipwitikizi ndipo *msomali* ndi Chiarabu. Komabe si dzina lililonse lomveka m'kamwa mwa mdzukulu wa mchona limene lili Chicheŵa, ndipo wofufuza ayenera kusiyanitsa mawu amene analoŵa m'chiyankhulo ndi mawu a Chishona amene wolankhula wangodumphiramo pakati pa chiganizo.

Zoyesera zilipo ziŵiri. Choyamba ndi cha mamvekedwe: Chishona cholembedwa chilibe *l*, pamene m'Chicheŵa *r* amadza pambuyo pa *i* ndi *e*, ndipo pambuyo pa *a*, *o* ndi *u* pamadza *l*. Wonena *pulanga* walizoloŵeretsa dzinalo m'Chicheŵa. Wonena *puranga* walisiya monga lilili. Koma choyesera chimenechi n'chofooka, chifukwa m'kalankhulidwe ka Acheŵa ambiri *l* ndi *r* amasinthana popanda kusintha tanthauzo. Cholimba ndi cha agwirizanitsi. Dzina la gulu 5 limatenga *l-* m'Chicheŵa ndi *r-* m'Chishona, ndipo tsinde la umwini nalonso ndi losiyana, kotero kuti *pulanga langa lathyoka* ndi chiganizo cha Chicheŵa chokhala ndi dzina lobwereka, pamene *puranga rangu ratyoka* ndi Chishona chenicheni. Pa zambiri mgwirizanitsi wa umwini ndi *a-* m'ziyankhulo zonse ziŵiri, ndipo chosiyanitsa chimatsala pa tsinde lokha: *mapulanga anga* ndi *mapuranga angu*.